Loweruka la mluzu ndi wenzulo

Usiku wathawu sitinagone bwino. Cha m'ma 2 koloko tinamva wenzulo kumtunda kwa mjigo, wina n'kuyankha cha kumsika, kenako agalu onse a m'dera lino. Anyamata achitetezo anali ataona anthu awiri atanyamula mbuzi. Tinatuluka ndi matochi ndi zibonga, akubawo n'kuliyatsa liwiro. Mbuzi tinaipeza m'chimanga itamangidwa miyendo.

Kutacha, ndikumwa tiyi pakhonde, mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anabwera ndi kope lake la Chingerezi. Aphunzitsi awapatsa ntchito yolemba ziganizo zisanu ndi mawu oti whistle. Powerenga anamveketsa t, ndiye ndinamuuza kuti chilembo chimenecho chimangolembedwa koma sichitchulidwa, monga zilili mu listen ndi castle.

"Nanga ababa, tanthauzo lake ndi mluzu kapena wenzulo?"

Ndinati zonse ziwiri. Ife timasiyanitsa: cha pakamwa ndi mluzu kapena likhweru, cha m'manja mwa oimbira mpira ndi wenzulo kapena kherere. Angerezi anangozilonga zonsezi m'thumba limodzi. Mnyamata woitana ng'ombe kudambo, ketulo yowira pamoto, mphepo ya Julayi yolowa pamphako ya chitseko, sitima ikamayandikira siteshoni, kwa iwo mawu ndi omwewo. Ndipo ukatchera khutu bwino, wenzulo wathuyu ndi whistle yemweyo atavala zovala zakwathu.

Agogo ake, amene ankasenda nandolo chapafupi, sanafune kuti nkhani ya mluzu ipite osaikapo mlomo. Anamuchenjeza mdzukulu wawo kuti mluzu wa usiku umaitana afiti ndi njoka, ndipo mwana wamkazi saimba mluzu pamaso pa akulu. Ine ndinawauza za chilumba cha La Gomera ku Spain, kumene anthu amalankhulana ndi mluzu kuchokera phiri lina kufika phiri lina, ana amauphunzira kusukulu, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Agogowo anangopukusa mutu n'kunena kuti bola azichita masana.

Masana tinapita kubwalo kukaonera anyamata a m'dera lathu akusewera. Mpira unatha osagoletsana. Oimbira ataliza kherere lomaliza ndinamukodola mwana uja n'kumuuza kuti chiganizo china ndi chimenecho, Angerezi amati final whistle. Pobwerera ndinamufotokozera za Joseph Hudson wa ku Birmingham, amene mu 1883 anapangira apolisi a ku London wenzulo m'malo mwa zogogodera zamatabwa zimene ankayenda nazo, ndipo chaka chotsatira anapanga wenzulo wa oimbira mpira wotchedwa Acme Thunderer. Chida chimodzi, ntchito ziwiri: kuimitsa wolakwa ndi kuitana anthu.

Tinakambanso pang'ono za wet your whistle, kumene ndi kunyowetsa kukhosi, koma zimenezo sizinamugwire mtima.

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi cha madzulo. Pa wailesi ankakamba za katangale, ndipo mawu oti whistleblower ankangobwerabwera. Mwana anandifunsa ngati ameneyu ndi kazitape. Mtima unandipweteka, chifukwa ndi mmene ambiri timamuonera munthu wotere: wamiseche, wodana ndi anzake, wothira mchenga m'nsima ya eni. Koma mawuwo sakunena zimenezo. Akunena munthu amene waona kuba kapena chinyengo mkati mwa malo amene iye mwini amagwirako ntchito, n'kuliza wenzulo kuti anthu adzuke. Kazitape amanong'ona mumdima kuti apindule yekha. Uyu amakuwa, ndipo kawirikawiri amene amataya ntchito ndi iyeyo.

Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene mnzathu wa kunkhokwe anaulula kuti katundu akutuluka usiku ndi makalata abodza. Tonse tinkadziwa kuti akunena zoona. Pasanathe miyezi itatu anamusamutsira kutali, ndipo tsiku lonyamuka tinamuperekeza anthu awiri okha. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake pa depoti paja, tulo timandithawa. Ndalama za Cashgate zimene zinaululika mu 2013 sizinatuluke ku Capital Hill popanda maso oziona, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi angati anafuna kuliza wenzulo koma anayang'ana kumbuyo n'kuona kuti palibe wotuluka ndi tochi.

Ndinamufunsa mwana uja kuti usiku wathawu, anyamata aja akanaliza wenzulo ife n'kungofunda mabulangete, mbuzi ikanakhala kuti tsopano? Sanayankhe. Anatsegula kope n'kulemba chiganizo chake chachisanu, ndipo sanandionetse.

Panopa ndi cha m'ma 9 koloko. Mawa usiku ndi gawo langa lolondera limodzi ndi anyamata, moti wapampando wabweretsa kale wenzulo. Ndaukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, pafupi ndi tochi, ndipo mabatire ndagula atsopano.