Usiku umene "zikomo" anasanduka "wiko,o"

Ndinali kudzaza fomu ya pa intaneti ya bungwe lina, mtundu uja wosasunga chilichonse mpaka utadina Submit. Ndime zinayi zinali zitatheka, tulo tili m'maso. Pothokoza ndinalemba "zikomo kwambiri", koma pa sikirini panatuluka "wiko,o kzq,biri". Ndinati basi zala zaterereka, ndikudina Ctrl+Z kuti ndifufute. Tsamba lonse zii!

Ndinalibweza ndi Ctrl+Shift+T, ya mu Chrome yotsegulanso tabu yomwe yangotsekedwa. Linabwera, koma mabokosi onse ali mbee. Ndinalemba mawu awiri ongoyesera, nkudinanso Ctrl+Z. Zii kachiwiri. Kachitatu ndinadina monyang'wa, mwina iope. Sinaope.

Apa ndinayamba ntchito ya using'anga. Ndinatembenuza laputopu nkuigwedeza, munatuluka tizikhungwa ta mtedza tokwana kudzaza supuni, vuto osasuntha. Kenako ndinakayikira ma extension, timapulogalamu towonjezera mu Chrome, poti ena amalanda mabatani achidule. Pa chrome://extensions/shortcuts ndi pamene pamaoneka yemwe watenga batani liti, koma kulemba adiresiyo kunandikanika: "chrome" ankatuluka "chro,e". Ndinatsegula Incognito, windo lachinsinsi la Chrome, ndi Ctrl+Shift+N, momwe ma extension amakhala ozima ngati sunawalole wekha. Ctrl+Z anatsekanso tabu momwemo. Ma extension analibe mlandu.

Mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 2, anadzuka chifukwa cha kung'ung'udza kwanga. Anasuzumira pakona ya kumanja, pafupi ndi wotchi.

"Amalume, apa palembedwa FRA. Mukulemba Chifalansa."

"Ine Chifalansa ndinachiphunzira kuti?"

Anakanda m'mutu. Ndi iyeyo anawonjezera kiyibodi ya Chifalansa mu Windows sabata yathayo, kuti azilemba é ndi ç pa ntchito ya kusukulu, osandiuza. Ndiye ine, pofuna Alt+Tab, chala chinagunda Alt yakumanzere pamodzi ndi Shift, ndipo awiriwa ndi amene amasinthitsa kiyibodi mwakachetechete.

Chinsinsi chonse chili pa kayalidwe ka zilembo. Kiyibodi yathu ndi QWERTY, ya ku France ndi AZERTY. A amasinthana malo ndi Q, Z amasinthana ndi W, pomwe M amasamukira kumanja kwa L, pamalo pake pamakhala chizindikiro cha koma (,). Choncho ndikadina batani lolembedwa Z, Windows inkamva W, ndipo Ctrl+W mu Chrome, Edge ngakhale Firefox ndi lamulo lotseka tabu. Chrome inkangomvera zomwe ndinkaituma, kanayi konse. C, V, T ndi N sasuntha pa makiyibodi onse awiri, nchifukwa chake kukopa, kumata ndi kubweza tabu zinkayenda bwinobwino, nkumandisocheretsa. Manambala nawo akanandichititsa manyazi: pa AZERTY mzere wapamwamba umafuna Shift, apo ayi 1 amatuluka &, 2 amatuluka é. Bola sindinafike pa pasiwedi ya kubanki.

Mnyamatayo anadina Windows+Space, FRA nkukhala ENG. Anatsegula Notepad, nkulemba q, a, z, w, m, zonse zinatuluka zolondola. Mayeso amenewa ndi amene ndikanayambira: vuto likaonekanso mu Notepad, ndiye kuti si la Chrome.

Ndinafuna kuchichotseratu Chifalansacho pa Settings, Time & language, Language & region, koma mwiniwake anadandaula za mayeso akusukulu. Tinagwirizana zongopha Alt+Shift: pa Windows 11 ndi Time & language, Typing, Advanced keyboard settings, Input language hot keys, Change Key Sequence, nkusankha Not Assigned. Windows+Space imagwirabe, koma imaonetsa kabokosi ikamasintha, sichita mobisa.

Fomu ija ndinayambiranso cha m'ma 1 koloko, ulendo uno ndikulemba kaye mu Notepad nkumamata. Mmawa mnyamata uja anandipatsa moni wa "Bonjour, q,qlu,e."