Lachiwiri lofunafuna nsambo

Kwatentha kuchokera m'mamawa, dzuwa lija la Okutobala lomwe timalidziwa kuno ku Mangochi. Nsambo ya A ya ukulele wanga, kagitala ka nsambo zinayi, inaduka Lamulungu, zitatu zotsalazo nazo zaperepeseka pomwe zimakhudza timizere tachitsulo ta pakhosi pake, pomwe Loweruka ana a kwaya akundidikira. Ndiye ndinangokwera kabaza wa pa boma.

M'sitolo yoyamba mnyamata ananditulutsira mawaya a gitala. "Tengani awa achimwene, ngolimba, saduka." Ndinamuthokoza koma ndinakana, chifukwa kulimbako ndiye vuto lake. Thabwa la ukulele ndi lopyapyala, ndipo waya wachitsulo ukaukunga umakoka mwamphamvu moti ungazule kathabwa komangirira nsambo kapena kupinda khosi. Mabanjo athu a zigubu amapirira waya wa buleki ya njinga, koma ichi ndi chida china. Chinabadwira ku Hawaii, potengera timagitala tomwe Apwitikizi a ku Madeira anafika nato kumeneko mu 1879, ndipo nsambo zake zoyamba zinali za matumbo a ziweto. Chinapangidwira zofewa.

Ndinalowera ku msika, kwa bambo wina wachikulire wogulitsa maukonde ndi mbedza. Nditafunsa twaini wosiyana makulidwe, iwo anati, "Mukufuna wa mlamba kapena wa kampango, mwana wanga?" Ndinatulutsa ukulele m'chikwama. Anaulandira ndi manja awiri, n'kuyamba kuyendetsa chala pa nsambo iliyonse ali phee. Asanauzidwe kanthu anali atazindikira kale kuti zonse n'zosiyana kunenepa.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amagula twaini mmodzi n'kumudula panayi. Nsambozi zimalira G, C, E, A. Ya C ndiyo yonenepa kuposa zonse, ikutsatira ya E, pomwe G ndi A n'zowonda chifukwa zimalira m'mwamba. Mukaika zofanana, ina imakhwepa n'kumangoti phwa phwa, ina imakungika mpaka kuduka. Bambowo anafukula timipukutu tawo, tina tili ndi fumbi, ndipo tinawerenga manambala olembedwapo. Ndinatenga 0.6 mm ya A, 0.7 ya G, 0.8 ya E ndi 0.9 ya C, mita imodzi iliyonse, zonse za nayiloni. Podula anandiwonjezera kachidutswa pa ya A, akuti yowonda sichedwa kutha.

Sindikuchita nazo manyazi nsambo za ku nyanjazi. Ngakhale zodula zija za fluorocarbon, zimapangidwa ndi pulasitiki yemweyo wa twaini wina wowedzera.

Madzulo ndazimanga ndili pakhonde. Nayiloni watsopano amatamuka, ukachuna bwinobwino pakangopita mphindi zochepa mawu atsika, ndipo zimatero kwa masiku angapo. Ndakhala ndikukoka nsambo iliyonse pang'onopang'ono ndi zala n'kuchunanso. Mawu ake ndi ofatsa, osabaya m'khutu, ndipo andisangalatsa. Ya C yokha ndiyo ikusemphana pang'ono ndikadina chakumunsi kwa khosi, mwina twainiyu sananenepe mofanana paliponse.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg wandiimbira pa WhatsApp kuti abwera nazo zenizeni pa Khirisimasi, ndingosankha. Watchula Nylgut za kampani ya Aquila ya ku Italy, zoyera zija, komanso za fluorocarbon. Ndasankha fluorocarbon chifukwa siimwa chinyezi ngati nayiloni, ndipo dzinja la m'mphepete mwa Shire lili pafupi. Anafunsanso ngati G ikhale yolira pansi kapena m'mwamba. Yolira pansi ndi yabwino kwa woimba yekha, koma mawu a ana amakwera bwino pa G ya m'mwamba. Ndamukumbutsa kuti aonetsetse pa paketi palembedwa concert, dzina la saizi ya ukulele, popeza wanga kuchokera pomangirira nsambo kufika kumapeto kwa khosi ndi 38 cm, ndipo atenge mapaketi awiri.