Manja ong'aluka m'wodi

Sabata ino takhala tikuphunzira za kupewa kupatsirana matenda m'chipatala, ndipo chomwe chandikhalira m'mutu ndi nkhani ya manja a ife ogwira ntchito.

Khungu labwinobwino lili ndi mabakiteriya ake okhazikika, ambiri osavulaza. Koma likayamba kuuma, kuyabwa ndi kung'aluka, vuto la eczema lija, limasunga kwambiri Staphylococcus aureus, kachilombo koyambitsa zithupsa ndi mafinya pa mabala a opaleshoni. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse amakhala nako m'mphuno koma osadwala. Kungokanda mphuno, kafika pachala. Kakalowa m'ming'alu, sopo sakachotsa mosavuta, ndiye dzanja lomwelo n'kupita kukagwira mchombo wa khanda.

Chondivuta n'chakuti amene amasamba m'manja mokhulupirika ndi amene khungu limayamba kuwonongeka, chifukwa sopo ndi madzi zimachotsa mafuta achilengedwe oteteza khungu. Kuno ku Dedza, m'mawa wa mu Juni kapena Julayi madzi a m'ndowa amachita kuluma, mphepo nayo youma, sopo wake nthawi zina wochapira zovala. Pa kolera ya 2022 ndi 2023 panawonjezekanso madzi a kolorini.

Malangizo a 2009 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati ngati m'manja mulibe litsiro looneka kapena magazi, tipake sanitaiza kwa masekondi 20 mpaka 30. Kusamba ndi sopo kumafuna masekondi 40 mpaka 60. Sanitaiza wopangidwa motsatira WHO amakhala ndi glycerine pang'ono, mankhwala othandiza khungu kusunga chinyezi, ndipo saumitsa khungu ngati sopo. Komabe pa mng'alu amanyeretsa koopsa! Munthu amamuthawa n'kubwerera ku sopo, ming'alu n'kumakulirakulira. Ena amangobisa manja m'magolovesi tsiku lonse, thukuta n'kufewetsa khungu lomwe latha kale.

Ine ndikuona kuti asisita, anamwino oyang'anira wodi, akamayendera zikhadabo ndi mphete za ophunzira, aziyang'ananso pakati pa zala. Wa ming'alu yotuluka madzi akaonane ndi adokotala alandire mankhwala opaka, asamangopirira poopa kuoneka waulesi. Za vaselini, anzanga, tizidzola tikaweruka kapena pokagona, chifukwa mafuta otere amafooketsa magolovesi a latex.