Tinkagulitsa maola, tsopano tikusunga malumbiro

Bizinesi yathu ndi kachipinda kosewereramo magemu. Tinayamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi ma TV 3, PlayStation 2 imodzi, ma PlayStation 3 awiri, ndi ka Game Boy Advance kake kamene kankangogona m'dirowa. Munthu amalipira pa ola, amatenga padi, n'kusewera. Miyezi yoyamba zinkayenda bwino moti ndinkagona ndikuwerengera m'mutu kuti chaka chikamatha tikhala titagula makina atsopano.

Kenaka anthu anayamba kuchepa, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika. Magemu athu anali omwewo. Mnyamata amene wamaliza Resident Evil 4 kawiri, kachitatu amangoyendamo ngati m'nyumba ya kwawo: amadziwa pamene pali zipolopolo, amadziwa khomo limene mdani atulukire. Ankafika, kusuzumira pa shelefu, n'kufunsa kuti, "Achimwene, chatsopano palibe?" Ndikati chikubwera ankangoseka, poti ndinali nditanena kale zimenezo kangapo. Lendi nayo sinkadikira kuti chatsopanocho chibwere.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yathu anaipeza ndi mng'ono wanga, mwangozi.

Tsiku lina kukugwa mvula, m'chipindamo munatsala kamnyamata kamodzi ka sukulu kamene kankadikira kuti ikate. Mng'ono wanga anatulutsa ka Game Boy kaja n'kukayikira Pokémon Ruby. Gemu imeneyi inatuluka mu 2002 ndipo siyovuta kwenikweni: chinyama chako chikagonja pa ndewu chimangokomoka, umapita nacho ku Pokémon Center, chimachira, ulendo n'kupitirira. Koma iye anauza mnyamatayo kuti asewere mwa Nuzlocke. Kaseweredwe aka anakayambitsa Nick Franco mu 2010, pamene ankajambula zithunzi zoseketsa za ulendo wake m'gemu yomweyi n'kumaziika pa intaneti. Malamulo ake enieni ndi awiri. Dera lililonse limene walowa, umagwira chinyama choyamba chokha chimene wakumana nacho. Chikathawa kapena ukachigonjetsa mwangozi, dera limenelo lakudutsa. Lachiwiri, chinyama chikakomoka ndiye kuti chafa, uyenera kuchitaya. Ambiri amawonjezapo lachitatu, loti chilichonse uchipatse dzina. Kwa ine lachitatuli ndiye lankhanza kuposa onse.

Mnyamatayo anagwira Zigzagoon, kanyama kamene osewera ambiri amakanyoza, n'kukatcha dzina la galu wake. Mvula itakata sanadzuke. Loweruka anabweranso, Loweruka linalo anabwera ndi anzake awiri. Kanyama kaja kanakula n'kusanduka Linoone, ndipo kanamudutsitsa ma gym 4, malo amene umalimbana ndi akatswiri a m'gemumo. Wachisanu ndi wa Norman ku Petalburg, ndipo Norman ali ndi Slaking, chinyama chaulesi chimene chimamenya kamodzi n'kupuma ulendo wotsatira. Kamodziko n'kokwana. Linoone anagwa.

Ndinali nditaima kumbuyo kwake. Mnyamata uja anakhala chete, chala chili pa batani lozimitsira. Akanazimitsa n'kuyatsanso, gemu ikanabwerera pamene anasevera komaliza, Linoone ali wamoyo, ndipo palibe akanamugwira dzanja. Anayang'ana mng'ono wanga, iye anangotukula mapewa. Kenaka anamaliza ndewuyo ndi zinyama zotsala, anapita pa kompyuta ya m'gemumo, n'kusankha mawu otaya chinyama. Gemu inamufunsa ngati akutsimikiza. Anavomera. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti anthu 5 aunjikana pa kasikirini kang'onong'ono, ma TV athu akuluakulu ali okhaokha.

Usiku umenewo ndinaganiza kuti ndatulukira mgodi, ndipo ndinauwononga pasanathe mwezi.

Ndinalengeza mpikisano: amene amalize Resident Evil 4 ndi mpeni wokha, osawombera, asewera ulere sabata yathunthu. Lamulolo ndinalemba ndekha pa pepala n'kumata pakhoma, mzere umodzi. Analembetsa ambiri. Tsiku loyamba lomwelo mkangano unabuka. Leon, munthu amene umamuyendetsa m'gemumo, akabaya mdani kumaso, mdaniyo amadzandira, ndipo gemu imakupatsa mwayi womumenya teche. Wina anati teche si mpeni, ndiye wolakwa. Wina anati teche si mfuti, ndiye palibe mlandu. Tisanathane nazo, wina anafika pa nyanja pamene pali chilombo chotchedwa Del Lago, chimene umalimbana nacho uli m'bwato, ukuchilasa ndi mikondo imene gemu imakupatsa yokha. Mpeni sugwira ntchito pamenepo. Pepala langa silinanene kanthu za mikondo. Tsiku lachitatu ndinatuluka pang'ono, pobwera ndinapeza awiri atagwirana malaya, wina akulumbira kuti mnzakeyo waponya bomba ine kulibe. Ndinasanduka wapolisi m'bizinesi yanga yomwe, ndipo anthu amene ankaseka limodzi anayamba kuwerengerana zipolopolo. Mphotho sinapite kwa aliyense. Makasitomala awiri sanabwerenso.

Mng'ono wanga anandiuza mosapsatira. "Achimwene, mwana uja anataya Linoone chifukwa lamulo linali lake. Ili ndi lanu, ndiye akulizemba ngati lamulo la aphunzitsi."

Ndinakwiya masiku awiri, kenaka ndinagula buku la hadikava.

Bukuli ndilo lakhala mtima wa bizinesi yathu. Munthu akafuna kudzimanga, amalemba yekha ndi dzanja lake: gemu yake, chimene akudziletsa, ndi malo amene lamulolo silikugwira ntchito. Gawo lomalizali timaumirira kwambiri, chifukwa cha mikondo ija. Amasaina, ndipo munthu wina amene ali m'chipindamo amasainanso monga mboni. Mphotho palibe. Akalephera amalemba yekha tsiku ndi malo amene wagwera, n'kudula mzere. Ife ntchito yathu ndi kusunga sevu yake kuti wina asaikhudze, ndipo ngati analumbira kuti akafa kamodzi basi, sevuyo amaifufuta yekha ife tikuona. Chidabwitsireni, chiyambire bukuli sitinagwirepo munthu akuba. Angabere ndani? Palibe chopata.

Zimene anthu amalembamo n'zosiyanasiyana, ndipo zina n'zopusa ndithu. Za mpira ndiye zambiri. Pa FIFA wina amadziletsa kukhudza R2, batani lothamangira, ndipo mwadzidzidzi amaphunzira kupatsirana mpira kumene anakhala akukukana zaka zonse. Wina amati chigoli ndi cha mutu chokha. Bambo wina wachikulire, amene amabwera akaweruka kuntchito, anatenga timu yaing'ono n'kulumbira kuti sagula wosewera aliyense, azingokweza ana a mu akademe. Anati akutsanzira Athletic Club ya ku Bilbao, imene imangotenga osewera obadwira kapena okulira mpira m'dera la Basque koma sinatsikepo mu ligi yaikulu ya ku Spain. Timu ya bambowo inatsika chaka choyamba chomwe. Anangovula magalasi, kupukuta, n'kunena kuti, "Tiyambe sizoni ina, mwanawe."

Dark Souls ili ndi masamba akeake. Gemu imeneyi, ya kampani ya FromSoftware, inatuluka mu 2011 ndipo ndi yovuta kale popanda kuwonjezerapo kanthu, komabe ndi imene imakoka odzizunza. Lumbiro lotchuka ndi losakweza levulo: umasankha Pyromancer, munthu woponya moto, amene amayamba pa levulo 1, n'kukhala pomwepo mpaka kumapeto. Gemu sikuletsa kukweza zida ndi moto wako, ndiye nzeru zonse zimathera kumeneko ndi pa kuloweza kayendedwe ka chilombo chilichonse. Anyamata amakonda kukamba za The Happy Hob, amene mu 2019 anamaliza magemu 5 a kampaniyi motsatizana osamenyedwa ngakhale kamodzi. Akangokhudzidwa, ankabwerera ku gemu yoyamba. Ine ndimawauza kuti asayambire pamenepo. Lumbiro labwino ndi limene likukuposa pang'ono, loti ukagwa ukudziwa chimene walakwitsa. Lokuposa kwambiri limangokutopetsa, ndipo munthu wotopa sabweranso. Apa ndikulankhula ngati wabizinesi, sindikubisa.

Kumbali ya ndalama, zimene zinasintha ndi izi. Kale munthu ankamaliza gemu n'kusowa. Tsopano gemu yomweyo imamusunga masabata, chifukwa sevu yake ili kwa ife ndipo dzina lake lili m'buku. Oonerera salipira, ndipo mng'ono wanga ankafuna kuti azilipira, koma ndinakana. Woonerera amene wakhala ola akukuwa kuti "kumanzere, kumanzere!" amathera potenga padi kuti aonetse m'mene zimachitikira. Komanso popanda iwo bukuli lilibe ntchito. Munthu angathe kudziikira lamulo ali yekha kunyumba. Chimene amadzera kuno ndi maso a anzake.

Zovuta zilipo. Wosewera mosamala amachedwa, amatha kuima mphindi zingapo pakhomo la chilombo akungopuma, pamene ena akudikira makina. Tinachita kupatula TV imodzi kuti ikhale ya a m'buku okha. Mapadi amatha msanga, chifukwa munthu amene wataya masabata atatu m'sekondi imodzi samaika padi pansi mwaulemu. Ndipo tsiku lina padi inathima batire munthu ali pakati pa ndewu ya lumbiro la imfa imodzi. Pamene tinkalumikiza chingwe n'kubwerera m'gemu, chala chake chinaterereka, n'kufa. Vuto linali lathu, ndinaiwala kutchaja. Ndinamuuza kuti imeneyo tisaiwerenge. Anatsegula buku, kuwerenga zimene analemba yekha, n'kupeza kuti za batire sanatchulepo. Anadula mzere. Ndinamubwezera maola ake onse a tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo a m'buku amasewera chingwe chili cholumikiza.

Makina atsopano tinagula ndithu, amodzi, patapita nthawi. Amene amawakonda ndi alendo. Akale amadutsa pomwepo n'kupita pa TV ya pakona.

Tsamba 41 ndi langa. Anandikakamiza ndi makasitomala, ati wosunga buku sangakhale wopanda mlandu. Ndinalemba kuti ndimaliza Dark Souls osanyamula chishango, ndipo mboni yanga ndi mnyamata wa Linoone uja, amene tsopano ndi wamtali kuposa ine. Ndinayenda bwino mpaka ku Anor Londo, kumene kuli adani awiri, Ornstein ndi Smough, wina wa mkondo wothamanga ngati mphezi, wina wa chinyundo. Ndakhala pamenepo miyezi iwiri. Ndimasewera tikatseka, ndipo chishango chili m'thumba la munthu wanga m'gemumo, mabatani atatu okha kuti ndichitulutse. M'mawa uliwonse mng'ono wanga akamatsegula mawindo amafunsa osandiyang'ana n'komwe.

"Achimwene, adutsa?"

"Tsegula mawindo iwe."