Lachitatu: thupi likulipira ntchito ya Lolemba

M'mawa. Wodwala ME/CFS (matenda a kutopa kwakukulu kosatha) amene Lolemba anachapa zovala n'kuyendako mphindi 20, lero ndiye wagwa nazo. Miyendo yalemera, pakhosi pakuwawa, mutu sukugwira, kuwala kwa foni kukulasa m'maso. Madokotala amati PEM, kutanthauza kukula kwa zizindikiro munthu akagwira ntchito yopitirira mphamvu zake. Kawirikawiri imayamba patadutsa maola 12 mpaka 48 ntchito itachitika, ndipo imatha masiku kapena milungu. Kuchedwaku ndiye msampha: dzulo munthu ankamva bwinoko, n'kuwonjezera ntchito ina pamwamba.

Pa mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, cortisol, homoni ya m'magazi, amayenera kukwera kuti thupi liyambe tsiku. Amapangidwa m'tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso, ubongo ukalamula. Mwa odwala ambiri a ME/CFS amakwera mofooka, koma kuchepako n'kwapang'ono, moti magazi akayezedwa amaoneka abwinobwino. Zimatipweteka kuona wodwala akuuzidwa kuti palibe vuto chifukwa cha pepala limenelo. Magazi atengedwe cha m'ma 8 kapena 9 koloko m'mawa. Cortisol akapezeka wotsika kwambiri, pafunika mayeso a Synacthen, oona ngati tiziwalo ta adrenal tikugwira ntchito, chifukwa matenda a Addison, olepheretsa tiziwaloti kupanga cortisol wokwanira, ndi osiyana ndi ME/CFS ndipo ali ndi mankhwala ake.

Masana maganizo amathamangira ku hydrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa cortisol. Mu 1998 ofufuza ku America anayesa mlingo wochepa kwa milungu 12. Ena anapezako bwino pang'ono, koma mwa odwala 12 tiziwalo ta adrenal tinayamba kufooka, popeza thupi likalandira cortisol wakunja limachepetsa kupanga wake. Phindu lake silinafanane ndi ngoziyo.

Chothandiza lero n'kugona m'chipinda chamdima, chopanda phokoso. Kuwerenga, kucheza nthawi yaitali, ngakhale kukhala tsonga, zonse zimadya mphamvu.

Madzulo, kope. Mulembe zimene munachita Lolemba ndi Lachiwiri, nthawi yake, ndi ola limene zizindikiro zinayamba. Pakapita milungu ingapo malire anu amaonekera. Ambiri amayezanso kugunda kwa mtima m'mawa asanadzuke, ndipo masana amaima ukapitirira nambala imeneyo ndi 15 pa mphindi. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linasiya mu 2021 kulangiza masewera olimbitsa thupi owonjezereka pang'onopang'ono kwa odwalawa. Mawa mukadzuka mwapepukidwa, chitani theka lokha la zimene mukuona kuti mungathe, mozigawa, mukupuma musanayambe kutopa.