Damu lathu la ku Bembeke ndi anthu okhala kumunsi kwake

Bizinesi yathu ndi damu la dothi pa dambo lina kufupi ndi Bembeke ku Dedza. Anthu amalipira pachipata kuti awedze makumba ndi chilunguni, ena kudzakwera bwato Loweruka. Khoma ndi lokwera mamita 4. Chilolezo chotseka madzi chimachokera ku bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, motsatira lamulo la madzi la 2013.

Mainjiniya amaika madamu m'magulu atatu: chiopsezo chochepa, chapakati ndi chachikulu. Ambiri amaganiza kuti gululo limanena za kulimba kwa khoma. Ayi, limayankha funso ili: khoma litaphulika usiku, madzi akapeza chiyani? Kumunsi kwathu kuli madimba a mbatata ya kachewere ndi kamlatho, ndiye tili m'gulu lapakati. Wina akangomanga nyumba m'njira ya madziwo, damu lomwelo lalowa m'gulu la chiopsezo chachikulu, ngakhale lisanang'ambike. N'chifukwa chake chaka chilichonse timayenda m'khwawa monse ndi a mfumu kuona ngati wina wamanga nyumba.

Khoma tinaliyamba ndi ngalande yapakati, yokumbidwa mpaka pa nthaka yolimba, n'kuidzaza dongo. Dothi limathiridwa masentimita 15, lonyowa pang'ono loti ukalifumbata ligwirane, n'kulitsindira musanathire lina. Makande okhaokha sitiwafuna chifukwa akauma amang'aluka. Mbali ya kumadzi imatsetsereka mamita 3 pa mita imodzi yokwera, ya kumunsi mamita 2.5, ndipo pamwamba m'potakata mamita 3.

Chimene chimagwetsa madamu ambiri a dothi ndi madzi kudutsa pamwamba pa khoma. Akangoyamba, amakokolola kumbuyo ndipo pa maola ochepa khoma lapita. Ngalande yotayira madzi tinaikumba pambali, pa nthaka yosathira, mita imodzi ndi theka kutsika kuchokera pamwamba pa khoma. Musaitchinge ndi ukonde kapena matumba a mchenga poopa kuti nsomba zithawa! Zinyalala zikakodwa pamenepo, madzi akwera.

Chachiwiri n'chobisika: madzi oboola pansi. Kuseri kwa khoma kukamatuluka timadzi toyera, tosawonjezeka, timangoyeza ndi ndowa ya malita 20 sabata iliyonse n'kulemba mphindi zimene yatenga kuti idzaze. Akatuluka amatope, ndiye kuti dothi la m'kati likutengedwa. Pamenepo timatsegula paipi yotsitsira madzi, kuchenjeza a m'madimba ndi kuitana injiniya tsiku lomwelo. Chenjerani potsitsa: mukathamangitsa, mbali ya kumadzi imagumuka chifukwa dothi likadali lokhuta madzi.

Pakhoma timadzala kapinga basi, ndipo timamweta kuti ming'alu izioneka. Mtengo ukafa mizu imaola n'kusiya mipita, ndiye bulugamu ndi nthochi sizifika pamenepo. Chulu chikatuluka timachikumba mpaka tipeze make chiswe, n'kutsindiramo dongo. Ng'ombe zili ndi pomwera pawokha. Zonsezi timaziona mu Okutobala mvula isanagwe, komanso m'mawa uliwonse ikagwa yamphamvu usiku.