Mfutso wouka kwa akufa

Mayi a kunyumba atapita kumudzi kukakolola, anandisiya ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za zomera. Lachisanu nayenso ananyamuka kupita ku Nkhata Bay. Ndinatsala ndekha ku Chibavi, mwezi wa Juni, kamvula kowaza kaja kosalemekeza kalendala kali mkati, m'thumba muli mphepo yokhayokha.

Pofuna pepala loyatsira mbaula ndinasuzumira kunsi kwa bedi lake. Ndinapeza matabwa awiri omangidwa ndi malamba, pakati pake manyuzipepala, mkati mwa nyuzipepala iliyonse muli masamba ouma bwinobwino. Ndinati mwanayu sukulu ikumuthandiza! Poti ku Mzuzu kuno dzuwa limaoneka mwa apo ndi apo, wapeza njira yofutsira ndiwo m'nyumba. Timapepala tolembalemba tomwe tinali pambali pa masambawo ndinayatsira makala. Masamba ofewa ndinatendera. Kuwawa kwake! Ndinangoti mwina ndi ndiwo za anthu ophunzira, n'kukankhira ndi nsima. Timitengo tina touma gwa, ta masamba okwinyika, ndinativiika m'beseni kuti tifewe ndidzaphike mawa.

Kutacha ndinapeza m'beseni muli munda. Timitengo tija tabiriwira, masamba atambasuka, kafungo kake mpaka pakhonde. Ndinakuwa. Mayi a nyumba yoyandikana anathamanga, atangosuzumira anabwerera chammbuyo, kukaitana anzawo a mapemphero. Posakhalitsa pabwalo panadzaza. Wina anati alipo akundichitira nsanje, koma nsanje ya chiyani, ine wa ngongole kugolosale? Wina anafunsa ngati ndadyako. Nditavomera, manja onse anachoka pa beseni n'kubwera pamutu panga.

Mphwanga anafika nyimbo ili pa vesi lachitatu.

"Malume, mwatani nazo zomera zanga?"

Anafotokoza atakhala pansi, poti miyendo inamuthera mphamvu. Chomeracho akuti ndi Myrothamnus flabellifolius. Chimamera m'ming'alu ya matanthwe, kuyambira m'mapiri a m'chipululu ku Namibia mpaka ku South Africa, Zimbabwe ndi kwathu konkuno. M'chilimwe chimauma miyezi yambiri osafa, chikangolawa madzi chimabiriwira patangopita maola. Ndipo timadziwa kumene chimamera chifukwa anthu anakwera mapiriwo, kuthyola nthambi, kuzipana m'mapepala, n'kulemba malo, tsiku, kutalika kwa phiri, mtundu wa nthaka ndi dzina la wothyolayo. Kenaka amazimata pa pepala lolimba n'kuzisunga m'makabati, monga amachitira ku National Herbarium ku Zomba. Katswiri akafuna kujambula mapu a kumene chomera chimapezeka, amawerenga timapepala timeneto. Nthambi yopanda kapepala, anatero, ndi zinyalala chabe.

"Ndiye timapepala tili kuti, malume?"

Ndinaloza mbaula.

"Nanga masamba enawo?"

Ndinaloza m'mimba. Apa m'pamene anadzidzimuka zenizeni, n'kuyamba kuwerenga pa zala kuti mwa zimene ndadya, zapoizoni ndi ziti. Akuti zinalibe. Mimba yanga inatsutsa mawu amenewo mpaka Lolemba.

Anthu a mapemphero anabalalika mwakachetechete, kupatula mayi oyandikana nawo aja. Anakokera mphwanga pambali, koma ndinamva.

"Mwanawe, wati chinthu chouma kale chikangokhudza madzi chimadzuka?"

"Inde, amayi."

"Undipatseko kanthambi kamodzi. Ndikaponye m'madzi osamba a bambo ako."